Liwiro la boti: amavomereza ndani, nanga rekodi ya 1978 ikukhaliranjibe?

Kampango_Salima
Akuluakulu, ndithandizeni pano chifukwa dzulo tinatsala pang'ono kuyambana ndi alamu anga. Anandionetsa vidiyo pa Facebook ya boti lina la ku America likung'amba madzi, m'munsi mwake atalemba kuti ndilo lothamanga kuposa maboti onse padziko. Ine ndinawerengapo kuti liwiro lalikulu pamadzi analiika munthu wa ku Australia mu 1978 ndipo mpaka lero palibe wamupitirira. Alamu akuti zimenezo n'zosamveka. Akuti zaka zoposa 40 zadutsa, mafoni asintha, magalimoto asintha, ndiye boti la nthawi ya Kamuzu lingakhalebe bwanji patsogolo? Tsono ndikufuna kudziwa: amene amanena kuti uyu ndiye wathamanga kuposa onse ndani? Ndipo amayeza bwanji, poti pamadzi sungajambulepo mzere ngati pabwalo la mpira?

Chembe88
Alamu anuwo akunena zoona. Masiku ano foni iliyonse ili ndi GPS. Ukakwera boti umaona liwiro pompo, nkhani yatha.

Namondwe
A Chembe, nkhani siithera pafoni ayi. A Kampango, zimene munawerengazo n'zoona. Munthuyo ndi Ken Warby. Pa 8 October 1978 anathamanga makilomita 511 pa ola, omwe ndi mamailosi 317, padamu la Blowering kufupi ndi tauni ya Tumut ku New South Wales. Boti lake linali Spirit of Australia, ndipo chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti analikhoma yekha kuseri kwa nyumba yake ku Sydney, ndi matabwa. Injini inali ya ndege yankhondo, Westinghouse J34, imene anagula motchipa pamene asilikali a m'mlengalenga a dziko lawo ankagulitsa zinthu zimene anasiya kugwiritsa ntchito. Chaka cham'mbuyo mwake, mu November 1977, anali ataika kale makilomita 464 pa ola padamu lomwelo, ndiye mu 1978 anangodziposa yekha.

Amene amavomereza ndi bungwe la UIM, Union Internationale Motonautique, lomwe likulu lake lili ku Monaco ndipo linayamba mu 1922. Lili ngati FIFA ya maboti a injini. Sungangodzuka m'mawa n'kukathamanga n'kuwaimbira foni. Umayamba wadziwitsa bungwe la m'dziko lako lomwe lili pansi pa UIM, monga APBA ku America. Iwo amatumiza anthu awo. Mtunda wa kilomita imodzi umayezedwa ndi oyeza malo, n'kuika zizindikiro poyambira ndi pothera. Boti limayambira kutali kuti likafike pachizindikiro choyamba lili kale paliwiro lake lonse. Oyeza nthawi amaona kuti latenga masekondi angati kudutsa kilomitayo. Kenako limatembenuka n'kudutsanso kilomita yomweyo kuchokera mbali inayo, nthawi yoikika isanathe. Pa rekodi yaikuluyi nthawiyo ndi ola limodzi. Liwiro limene limalembedwa ndi lapakati pa maulendo awiriwo. Pambuyo pake amayendera botilo, n'kutumiza mapepala onse ku Monaco. Akakhutira kumeneko m'pamene satifiketi imatuluka.

Chembe88
Nanga kubwererako n'kwachiyani? Ngati ndathamanga ndathamanga.

Mwana_wa_Liwonde
Achimwene, munakwerapo boti mu Shire? Kuchoka ku Mvuu kubwera ku Liwonde, madzi amakukankhani, injini yomweyo imaoneka yamphamvu. Pobwerera kumtunda m'pamene mumadziwa mphamvu yake yeniyeni. Munthu atayeza ulendo wotsika wokha n'kumadzitama, akudzitama ndi mphamvu ya mtsinje. Panyanja n'chimodzimodzi ndi mphepo. Ikakuthandiza popita ikubweza pobwera, ndiye ukaphatikiza n'kugawa pawiri chotsalacho ndi chako.

Aphunzitsi_a_Masamu
Ndiwonjezere pa za GPS ija. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ola lili ndi masekondi 3,600. Gawani ndi 511, mupeza masekondi 7 ndi kachidutswa. Ndiye kuti Warby ankamaliza kilomita yathunthu m'masekondi 7. Pa sekondi imodzi ankadutsa mamita pafupifupi 142, kuposa kutalika kwa bwalo la mpira. Tsono woyeza nthawi akangochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, liwiro lasintha kale ndi makilomita pafupifupi 7 pa ola. N'chifukwa chake sadalira chala cha munthu mmodzi kapena foni ya woyendetsa. Ndiponso foni imakuonetsani liwiro la kamphindi kamodzi, pamene nambala yakwera kwambiri. Rekodi ikufuna kuti liwirolo mulisunge kilomita yonse, kawiri. Kufika pamwamba ndi kukhalapo pamwamba ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri.

Kampango_Salima
Zayamba kumveka. Ndayang'ananso vidiyo ija, alemba kuti Lake of the Ozarks. Ndiye kumeneko kumachitika chiyani?

Namondwe
Basi ndi pomwepo pagona kusamvana kwanu ndi alamu. Ku Lake of the Ozarks, ku Missouri, kumachitika mpikisano chaka ndi chaka wotchedwa Shootout. Boti limathamanga lokha, ulendo umodzi, ndipo kumapeto amalilozetsa makina oyezera liwiro onga aja apolisi apamsewu. Nambala imene yaoneka ndi yomweyo. Mu 2014 boti la Spirit of Qatar linafika mamailosi 244 kumeneko, omwe ndi makilomita pafupifupi 393 pa ola. Ndi liwiro loopsa ndipo anthu amenewo ndimawalemekeza, koma ndi rekodi ya mpikisano umenewo, si ya dziko lonse. Ndipo ngakhale tikanaiwerengera, ikuchepabe ndi makilomita oposa 100 poyerekeza ndi ya Warby.

Makaniko_wa_Ndirande
Ine pali pamene sindikugwirizana nanu. Chinthu chimene chili ndi injini ya ndege, chikukankhidwa ndi mpweya wotuluka kumbuyo, osati ndi madzi, ndi boti chimenecho? Imeneyo ndi ndege yopanda mapiko. Boti lenileni liyenera kukhala ndi pulopela m'madzi. Ndagwira injini za maboti zaka zambiri, ndipo luso lonse lili pa mmene mphamvu ya injini ikulowera m'madzi. Mukachotsa zimenezo mwachotsa chimene chimavuta.

Namondwe
A Makaniko, maganizo anuwo alipo nawo ambiri, n'chifukwa chake marekodi sali amodzi. Ya Warby ndi ya gulu lopanda malire, loti bwera ndi injini iliyonse bola chinthucho chiyandame ndi kuyenda pamadzi. A pulopela ali ndi yawo. Mu March 2004 Dave Villwock anathamanga mamailosi 220, makilomita pafupifupi 355 pa ola, ndi boti la Miss Budweiser ku Oroville ku California. Kale rekodi yaikulu inali ya pulopela ndithu. Womaliza kuigwira motero anali Stanley Sayres ndi Slo-Mo-Shun IV pa Lake Washington, makilomita 287 pa ola mu 1952. Mu July 1955 Donald Campbell anabwera ndi Bluebird K7 ya injini ya jeti pa Ullswater n'kufika 325, ndipo kuyambira pamenepo pulopela siinabwererenso pamwamba.

Koma kunena kuti achotsa chimene chimavuta ndiye ayi. Mphamvu si imene ikusowa. Injini zoposa ya Warby zilipo zambirimbiri. Chovuta n'kusunga botilo pamadzi.

Makaniko_wa_Ndirande
Pamenepo ndiye ndikuvomera, ndipo ndifotokoze mmene ndimazimvera ine. Madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800. Boti likamira thupi lonse m'madzi silingathamange, likulimbana ndi khoma. Ndiye amalipanga kuti likayamba liwiro lidzuke, lingokhudza madzi pamalo atatu ang'onoang'ono, ngati mphika pamafuwa. Tsono taganizani mphika uli pamafuwa atatu, wina n'kugwedeza fuwa limodzi. Kafunde kakang'ono, koti msodzi sangakaone n'komwe, kakakweza mphuno ya boti pang'ono, mpweya umalowa pansi. Paliwiro limenelo botilo limasanduka phiko, limanyamuka n'kugadabuka chagada. Mukalipanikiza kwambiri kutsogolo kuti lisadzuke, mphuno imabaya madzi n'kusweka. Malo abwino ali pakatikati, ndipo ndi ochepetsetsa. Galimoto ya rekodi imayenda pamchere wouma umene anausalaza dzulo ndipo lero uli chomwecho. Madzi amasintha mphindi iliyonse.

NaBanda_Preston
Moni nonse. Ine ndimangowerenga nthawi zambiri koma apa ndilankhuleko chifukwa ndinakaona ndi maso. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England, ndipo agogo ena amene ndinkawasamalira ankakonda za maboti kwambiri. Ndi amene anandiuza za sabata ya marekodi imene imachitika pa Coniston Water mwezi wa November chaka chilichonse. Kale inkachitikira pa Windermere, koma anasamuka mu 2005 boma la deralo litaika malire a liwiro panyanja imeneyo. Tsiku lina ndili pa ofu ndinapita ndi mwana wanga.

Ndinkayembekeza phokoso ndi chipwirikiti. Chimene ndinapeza ndi kudikira. Kunkazizira koopsa, anthu atavala majekete aima m'mbali mwa nyanja atagwira makapu a tiyi, maso pamadzi. Boti limodzi likapita n'kubwerako, ena onse amadikira kuti mafunde ake athe kaye. Kukangowomba kamphepo, zonse zimaima. Ndipo maboti ambiri sanali akuluakulu ayi. Panali timaboti ting'onoting'ono ta injini zonga zimene timaziona kwathu ku Senga Bay, ena oyendetsa anali achinyamata, ena azigogo aimvi. Aliyense akulimbana ndi rekodi ya gulu lake, malinga ndi kukula kwa injini ndi mtundu wa boti. Ndinaona banja lina likukumbatirana, amayi akulira, chifukwa mwana wawo anaposa nambala yakale ndi pang'ono chabe. Liwiro lake mwina minibasi ya pa M1 ikanamupitirira, koma m'gulu lakelo palibe anali atafikapo. Ndipo ngakhale anakondwa, anati adikira kaye kuti injini iyezedwe, chifukwa akaipeza kuti ndi yaikulu kuposa ya gulu lake ndiye kuti zonse zagwa.

Kampango_Salima
Zikomo achemwali. Ndiye kuti si nkhani ya anthu olemera okha?

NaBanda_Preston
Ndalama zimafunika ndithu, koma ambiri amene ndinawaona anali anthu wamba okonza maboti awo m'magalaja kumapeto kwa sabata. Palinso a magetsi tsopano. Pa Coniston pomwepo mu 2018 boti la batire la Jaguar Vector linafika makilomita 142 pa ola, ndipo mu 2023 ophunzira a pa yunivesite ya Princeton ku America anakweza kufika pafupifupi 184.

Gogo_Mlamba
Ana inu mukukamba manambala, koma simukukamba za maliro. Ine ndinali mnyamata pamene nkhani ya Donald Campbell inamveka pawailesi mu 1967, ndipo sindinaiwale. Munthu anathamanga bwinobwino ulendo woyamba. Akanakhala kuti malamulo amalola ulendo umodzi, bwenzi atatsika n'kupita kwawo. Koma lamulo linati bwerera, ndipo pobwererapo m'pamene anafera. Lamulo limene mukuliyamikiralo ndi limene linamupha. Anthu a ku Monaco amakhala muofesi n'kumasainira mapepala, amene amamira ndi ana a eni.

Chembe88
Apa ndiye agogo mwalasa. N'zimene ndimanena ine.

Namondwe
Agogo, ndikumva kuwawa kwa mawu anu ndipo sindikupeputsa imfa ya munthu. Koma ndiloleni ndiike zimene zinachitika, chifukwa nkhaniyi siili choncho ndendende.

Tsikulo linali 4 January 1967, pa Coniston pomwe a NaBanda anapitapo. Campbell anali ndi zaka 45, ndipo rekodi inali yake kale, makilomita 444 pa ola, imene anaika pa Lake Dumbleyung ku Australia pa 31 December 1964, chaka chomwe anaikanso ya galimoto pamtunda pa Lake Eyre. Palibenso wina amene anachita zonse ziwiri m'chaka chimodzi. Iye ankafuna kupyola mamailosi 300. Ulendo woyamba anapeza 297, makilomita pafupifupi 479 pa ola. Lamulo linkamupatsa ola lathunthu. Akanatha kuima, kuthira mafuta, kudikira madzi akhazikike. Iye anatembenuka nthawi yomweyo. Ali pafupi kumaliza kilomita, ali pamwamba pa mamailosi 300, Bluebird inanyamuka n'kugadabuka mumlengalenga. Akatswiri akhala akutsutsana za chimene chinayambitsa: ena amati mafunde a ulendo woyamba, ena amati injini inazima mphuno n'kupepuka. Botilo analivuula mu 2001, thupi lake linapezeka chaka chomwecho ndipo anaikidwa m'manda ku Coniston.

Tsono taonani enawo. John Cobb anafa pa Loch Ness pa 29 September 1952, boti lake Crusader litasweka paulendo woyamba. Sanafike n'komwe pobwerera. Henry Segrave, pa Windermere pa 13 June 1930, anali atamaliza kale maulendo awiri ofunikawo ndi Miss England II, rekodi ya makilomita 158 ili m'manja. Anapita kachitatu kuti awonjezere, boti linagubuduka, injiniya wake Victor Halliwell anafera pomwepo, iye anamwalira patapita maola ochepa atamuuza kuti rekodi ndi yake. Lee Taylor, amene anatenga rekodi ya Campbell mu June 1967 ndi makilomita 459 pa Lake Guntersville, anafa pa Lake Tahoe mu November 1980 akuyesa boti la roketi pofuna kulanda ya Warby. Craig Arfons anafa ku Sebring ku Florida mu 1989, nayenso akufuna kulanda ya Warby. Anthu amenewa sanaphedwe ndi lamulo lobwerera. Anaphedwa ndi zimene a Makaniko afotokoza zija.

Gogo_Mlamba
Mwandiwerengera maliro asanu kuti munditsutse, koma mwangondithandiza. Ngati anthu awiri amene anayesa kuposa Warby onse anafa, bungwe lanzeru likanatseka buku limenelo. Linene kuti rekodi iyi sitilandiranso. Popanda satifiketi palibe angapite kukadzipha.

Aphunzitsi_a_Masamu
Agogo, ine pamenepo ndikuona mosiyana. Buku likatsekedwa anthu sasiya, amangopita kukachita kopanda owayang'anira. Panopa amene akufuna satifiketi ayenera kulola kuti boti lake liyenderedwe, pakhale maboti opulumutsa anthu, osambira pansi pamadzi ndi achipatala, ndiponso nyanja itsekedwe kuti pasadutse wina. Amene akungofuna kutchuka pa Facebook safunika zonsezo.

Gogo_Mlamba
Osambira pansi pamadzi anatenga zaka 34 kuti amupeze Campbell. Sindikusintha maganizo.

Usipa_Wouma
Pepani ndilowererepo. Nanga nyanja yathu ija, kutalika konse kuja, sangabwere kudzathamangira kuno? Alendo angadzaze mahotela a ku Mangochi.

Mwana_wa_Liwonde
Kukulako ndiye vuto lake. Nyanja yaikulu siigona. Ngakhale tsiku la bata, m'mawa kulibe mphepo, pamakhalabe kafunde kaja koyenda pang'onopang'ono kochokera kutali. Ikafika nyengo ya mwera ndiye musanene, ngakhale Ilala imavina. Taonani malo amene a Namondwe atchula: Coniston, Ullswater, Loch Ness, damu la Blowering. Ambiri ndi madzi aatali koma opapatiza, otchingidwa ndi mapiri. Kwathu kuno mpikisano umene umayenera nyanja yathu ndi wa maboti a matanga uja umachitika m'nyengo yozizira, chifukwa iwo mwera ndi umene akuufuna.

Usipa_Wouma
Ndiponso maukonde ndi mabwato a asodzi angawachotse ndani? Ndaganiza bwino, zisabwere.

Bambo_a_Tadala
Poti mwatchula za kwathu, ndinene zimene zinandionekera. Zaka zingapo zapitazo tinakwera boti la malo ena ogona alendo kunyanja, ine, mayi a kunyumba ndi ana awiri. Woyendetsa anali mnyamata, ndipo anzake ena m'botimo ankamuchemerera kuti aonetse liwiro pafoni. Anatsegula injini yonse. Kutsogolo kunali kutadutsa boti lina lalikulu, ndipo titagunda mafunde ake tinaponyedwa m'mwamba, mwana wanga wamng'ono anamenyetsa chibwano pampando n'kung'ambika. Majekete oyandamitsa analipo atatu okha, anthu tinali 9. Sitinafike n'komwe makilomita 60 pa ola. Ndikamawerenga za munthu wogunda funde pa 480 thupi langa limachita tsembwe, chifukwa ndikudziwa mmene madzi amaumira ukawamenya mothamanga. Amakhala ngati simenti.

NaBanda_Preston
Pepani kwambiri bambo. Mwanayo anachira bwino?

Bambo_a_Tadala
Anachira, anamusoka. Chipsera chilipo koma ali bwino, zikomo. Kungoti mpaka lero sakwera boti.

Makaniko_wa_Ndirande
Anyamata oyendetsa maboti a alendo ambiri sanaphunzitsidwe kuwerenga madzi. Funde la boti lina sulidutsa uli pa liwiro lonse, umachepetsa n'kulidula mopingasa pang'ono. Ndimawauza tsiku ndi tsiku akabwera kudzakonzetsa injini.

Chembe88
Tibwerere ku nkhani ija. Ine chimene chikundiwawabe ndi John Cobb. A Namondwe mwanena kuti anafa paulendo woyamba. Anali atathamanga bwanji?

Namondwe
Anadutsa mtunda woyezedwawo pa mamailosi 206, makilomita pafupifupi 333 pa ola. Rekodi ya nthawiyo inali 287 ya Sayres ija.

Chembe88
Mwaona? Munthu anaposa ndi makilomita oposa 40, oyeza nthawi analipo, anaona ndi maso awo, munthu anapereka moyo wake, koma m'buku dzina lake mulibe. Chilungamo chili pati pamenepo?

Namondwe
Zimawawa, sindikana. Ndipo palibe amene amatsutsa kuti Cobb ndiye anayamba kupyola mamailosi 200 pamadzi. Mabuku a mbiri amanena zimenezo, ndipo m'mbali mwa Loch Ness muli chipilala chomukumbukira. Koma taganizirani za Sayres. Iye anachita maulendo awiri monga lamulo linanenera. Mukamulanda rekodi n'kupatsa munthu amene anachita umodzi, mwamulakwira iyeyo. Ndipo mawa lake wina adzabwera ndi boti lopepuka loti silingapirire maulendo awiri, adzadikira mphepo yakumbuyo, n'kunena kuti inenso mundilembe. Ulendo wobwerera umaonetsa kuti botilo ndi woyendetsa wake anachita zimenezo mwa luso, osati mwamwayi, ndipo anatsala amoyo kuti achitenso. Campbell nayenso 297 yake ija siinalembedwe, ngakhale inaposa rekodi yake yomwe.

Nkhani yokana kuvomereza ilinso m'marekodi a maulendo aatali. Mu 1986 Richard Branson anawoloka nyanja ya Atlantic ndi Virgin Atlantic Challenger II m'masiku atatu ndi maola 8, kuposa nthawi imene sitima ya SS United States inaika mu 1952. Osunga chikho cha Hales, chimene chimaperekedwa kwa sitima yowoloka Atlantic mofulumira kuposa zonse, anamukaniza. Anati chikhocho ndi cha sitima zonyamula anthu pamalonda, ndiponso iye anaima panjira kuthira mafuta. Nthawi yake palibe anaitsutsa, koma anathamanga mpikisano wosiyana ndi umene chikhocho chinaikidwira.

Chembe88
Za Branson ndikumva, malamulo anali osiyana. Za Cobb sindinakhutirebe. Akanaika kanyenyezi pambali pa dzina lake.

Mwana_wa_Liwonde
Kanyenyeziko ndi chipilala chija, achimwene.

Kampango_Salima
Funso lomaliza la alamu anga lija silinayankhidwe mokwanira. Iwo akuti makompyuta alipo, zipangizo zopepuka zilipo. Palibe amene akuyesa panopa?

Namondwe
Alipo. Ku Britain kuli ntchito ya boti la Quicksilver imene yatenga zaka zambiri. Koma amene ali patsogolo ndi mwana wa Warby yemwe, David Warby. Iye ndi bambo ake anakhoma Spirit of Australia II, ya injini ya Orpheus, mtundu womwe unali mu Bluebird tsiku lomaliza lija, ndipo wakhala akuliyesa padamu lomwe lija la Blowering. Bambo ake anamwalira mu February 2023 rekodi idakali yawo. Mmene akuchitira David ndi mmenenso bambo ake anachitira: kukwera pang'onopang'ono, kuthamanga, kubwerera kukakonza chiwongolero kapena chipsepse, kudikira miyezi, kuyesanso. Ken Warby sanali munthu wongodalira kulimba mtima. Anali injiniya, ndipo anapita ndi chifanizo cha boti lake ku yunivesite ya New South Wales kukachiyesa m'makina owomba mphepo mothandizidwa ndi Pulofesa Tom Fink, amene anagwirapo ntchito pa Bluebird ya Campbell. Injini ya 1978 anamukonzera ndi ophunzira ntchito a asilikali a m'mlengalenga ku Wagga Wagga.

Kompyuta ingakuuzeni mmene mpweya udzayendere pa boti. Singakuuzeni kuti pa sekondi yachinayi mudzakumana ndi kafunde kochokera kugombe, kapena chipika chobisala pansi pamadzi. Onjezani kuti makampani a ndalama saika dzina lawo mosavuta pa ntchito imene awiri omaliza kuiyesa anafa. Onjezaninso kuti kungofanana ndi 511 sikokwanira, malamulo amafuna kuti upose ndi mlingo woikika kuti pasakhale kukayikira koti mwina ndi kulakwitsa kwa zoyezera. Ndiye mukufunika boti labwino, damu lodzaza, tsiku lopanda mphepo, oyeza nthawi ali pamalo, chilolezo cha boma chili m'manja, zonse zikumane m'ola limodzi.

Aphunzitsi_a_Masamu
Pa mlingo woikikawo ndi pamene ine ndili ndi chidwi. Ngati zoyezera za masiku ano zili zolondola kuposa za 1978, mlingowo uyenera kuchepa. Munthu woposa Warby ndi kilomita imodzi pa ola, zoyezedwa bwino, wamuposa ndithu.

Makaniko_wa_Ndirande
Aphunzitsi, koma nambala ya Warby inayezedwa ndi zipangizo za 1978. Kukayikira kuli mbali yakeyo, osati ya watsopanoyo. Mukachepetsa mlingo mukhoza kumulanda munthu chinthu chimene sanaposedwe.

Aphunzitsi_a_Masamu
Pamenepo mwandigwira. Sindinaganizire mbali imeneyo.

Gogo_Mlamba
Mwana wa Warby ameneyo ndimupempherera. Bambo ake anatuluka wamoyo, iye asakakamize.

Kampango_Salima
Zikomo nonse. Ndawatumizira alamu zonsezi. Ayankha kuti za maulendo awiri azimva, koma ali mbali ya a Makaniko, akuti boti la injini ya ndege saliwerengera, kwa iwo mwini rekodi ndi Villwock. Akufunsanso ngati maboti amenewa alipobe kapena anawaphwasula.

NaBanda_Preston
Auzeni kuti alipo. Spirit of Australia ili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale zapanyanja ku Sydney. Bluebird K7 anaikonzanso ataivuula, inayendanso pamadzi pa Loch Fad ku Scotland mu 2018, ndipo mu March 2024 inabwerera ku Coniston, ili ku Ruskin Museum. Ulendo uja ndinapita inali isanafike, ndinangoona manda a Campbell. November akubwerayu ndapempha kale masiku awiri kuntchito. A Makaniko, ndikajambula pansi pake kuti muone mafuwa anu atatu aja, ndipo aphunzitsi, lembani funso lanu la mlingo bwinobwino munditumizire, ndikawafunsa oyeza nthawi akakhala pa tiyi.